Awiri a Madzi

Ntchito yanga ndi kuyeza tiyi.
Zaka khumi ndi zisanu ndakhala pansi pa shedi
ndikukoleka madengu pa mbedza ya sikelo.
Tsamba likabwera lonyowa ndi chiperoni
ndimachotsapo awiri a madzi,
wothyola n'kundiyang'ana ngati ndamubera mbuzi.

N'chifukwa chake kope anandipatsa ine
titayamba mpikisano wochepetsa thupi ku ofesi:
anthu khumi ndi anayi, aliyense teni sauzande,
miyezi itatu, wotsika kwambiri atenga zonse.
"Iwe Namakhwa sukondera," anatero.

Nanenso ndinalowa.
Mandasi a pa Chitakale ndinkawadutsa ngati tinayambana,
m'bandakucha ndinkakwera mpaka ku thanki ya madzi,
agalu a ku malayini akundiuwa,
mawondo akulira ngati geti la fakitale.
Anayi ndi theka.
Bambo Chikopa a ku galaja, amene anasiya mowa
n'kumayenda wapansi kuchokera ku Nkhonya, mvula kaya dzuwa:
asanu ndi anayi.

Ferista Muhiwa wa ku akaunti:
makumi awiri ndi imodzi.

Mphekesera sinachedwe.
Ati tchuthi chija sanali kwa mchemwali wake ku Zomba,
anali ku India, anakamudula chifu,
chatsala kathumba ngati ka mtedza wa handiredi kwacha.
A Chikopa anamenya tebulo:
"Ife tikutuluka thukuta pamsewu,
mnzathu wakwera kabaza, ndiye mukuti wapambana liwiro?
Chotsanipo madzi, akalaliki!"
Sindinawayankhe. Nsapato zawo ndinali nditaziona,
zidendene zitadyeka mbali imodzi.

Lachitatu madzulo ndinapita kwa Ferista
mawu omuchotsa ndawakonza kale m'kamwa.
Ndinamupeza ndi kasosala ka phala lamadzimadzi,
wotchi pambali pake.
Sipuni imodzi. Kudikira. Sipuni ina.
Yachitatu inamubwerera, anathamangira kuseri.
Pawindo mabotolo a mapiritsi ali pamzere ngati ana a sukulu,
m'chipeso muli tsitsi lodzaza dzanja.

Atabwera anakweza bulauzi pang'ono:
tizipsera tisanu, tating'ono ngati mphini.
"Poloti ya ku Luchenza ili apa," anatero,
"ngongole ya zaka zinayi ili apa.
Adokotala anati shuga anditenga
Sungeni asanalembe folomu folo.
Kalongonda wa mayi anga sindidzamudyanso n'kukhuta."

"Nanga bwanji sunatiuze?"

Anaseka, koma maso sanaseke nawo.
"Zaka zisanu ndi chimodzi mwakhala mukunditcha Sapitwa.
Mumayesa khoma la ofesi ija ndi lokhuthala?
Ndinkafuna tsiku limodzi lokha, Namakhwa,
ndikwere sikelo inu mukuona,
chipinda chikhale chete pa chifukwa china.
Ndalamazo kaya.
Wanu mpikisano utha Lachisanu."

Sapitwa.
Dzina lija ndinaliyambitsa ndine,
pa phwando la Khirisimasi, nyama ili m'kamwa.

Ndinabwerera kudzera m'munda wa tiyi,
phiri litafunda mtambo mpaka m'chiuno.
A Chikopa sananame: lamulo tikanaliika poyamba,
ndipo iye akanatiuza.
Koma palibe analiganiza,
ndipo ife sitinali anthu oti n'kutiuza.

Tsamba lonyowa ndimalidziwa:
ndimalifinya m'manja, ndimadziwa zochotsa.
Izi zandikanika.
Mpeni ndiuchotsere angati?
Nanga nsapato zija ndiziwonjezere angati?

Mawa ndi Lachisanu.
Envelopu ili m'chikwama, pansi pa ambulera.
M'kope ndalemba mayina awiri ndi pensulo,
labala ndamuika m'thumba la yunifolomu,
ndipo padenga payamba kale kudontha.
Tsamba la mawa libwera lolemera.